ZA MPANDA WA WAYA WOLUKA: WERENGANI MUSANAGULE

Inu eni nyumba amene mwatopa ndi mbuzi ndi nkhumba zolowa m'dimba, ndipo mwatsimikiza mtima kumanga mpanda wa waya woluka ngati ukonde, imvani mau awa musanamasule ndalama zanu. Ambiri athamangira kusitolo ali ndi muyeso wa m'maso okha. Ndipo waya uwathera mbali imodzi iri yosatseka, mbuzi nizilowabe monga kale.

Poyamba itanani anansi anu ndi mfumu, mubvomerezane malire. Mpanda wa udzu usunthika tsiku limodzi, koma nsanamira yozikika m'simenti ikalowa phazi limodzi m'munda wa mnzanu, mlandu wace ngwautali.

Atatha malire, khomani zikhomo pangondya zinai, mumange cingwe, muyese mbali zonse ndi kuphatikiza. Kuti ngondya iongoke, yesani mamita 3 pa cingwe cimodzi ndi mamita 4 pa cinzace. Pakati pa zizindikiro ziwirizo payenera kukhala mamita 5.

Tsono samalani pano, pakuti mpamene ndalama zitayika. Waya woluka ugulidwa m'mipukutu, kawirikawiri ya mamita 30. Funsani wogulitsa utali wace wa mpukutu musanawerenge. Dimba la mamita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi lizungulira mamita 100: mipukutu itatu siifikira, ndipo wacinai mudzadulako mamita 10 okha, 20 nagona m'nyumba. Koma mukalifupikitsa likhale mamita 25 ndi 20, lizungulira mamita 90, ndiyo mipukutu itatu yeniyeni, ndi kamsonga kotsala pamalo a cipata. Lingalirani ngati mizere ingapo ya mpiru iposa mtengo wa mpukutu wathunthu. Ife tiyesa kuti siiposa.

Nsici zisatalikirane koposa mamita 3. Pa dimba la mamita 90, mukazika nsici pa mamita awiri ndi theka, zifunika 36, ndi imodzi yoonjezera ya pacipata. Mwa izi, zinai za pangondya ndi ziwiri za pacipata zikhale zazikuru ndi zolimba koposa, cifukwa ndizo zisenza mphamvu yonse ya kukoka. Ndipo zifuna micirikizo yopendeka, iwiri pangondya iri yonse ndi umodzi pa nsanamira ya cipata, yonse pamodzi 10. Micirikizo imeneyi ndiyo anthu aiwala powerenga, ndipo mvula yoyamba ikafewetsa nthaka, ngondya zigwadira m'kati, waya nulenda.

Waya wa msinkhu wa mita imodzi ndi theka ufuna nsici ya mamita awiri ndi masentimita 10, kuti masentimita 60 alowe pansi. Mukasankha mitengo, ikhale bulugamu wothiridwa mankhwala. Wosathira ndiwo cakudya ca ciswe. Mukasankha citsulo, cipakidwe utoto. Waya womwe ukhale wokutidwa ndi zinki, wosacita dzimbiri msanga.

Waya woluka suima wokha. Upacikidwa pa mawaya atatu okoka, wa pamwamba, wa pakati ndi wa pansi. Mamita 90 katatu ndiwo 270. Gulani 300, pakuti mfundo zidyako. Musaiwale kawaya kakang'ono komangira, ndipo mumange kolimba pansi, pamene nkhumba ifukula ndi mphuno.

Za simenti: thumba limodzi la makilogalamu 50, losanganiza ndi miyeso iwiri ya mcenga ndi inai ya miyala yophwanya pa muyeso umodzi wa simenti, lidzaza maenje atatu a masentimita 30 kukamwa ndi 60 kuya. Nsanamira zazikuru zisanu ndi imodzi zija zitha matumba awiri, ndi lacitatu la kumapazi a micirikizo. Nsici za pakati zikwanira ndi dothi ndi miyala yotsendera bwino. Mutathira simenti, muzithirira madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo musakoke waya kufikira atapita masiku 7.