Pepala losayenera liononga makina osindikizira

Eni timasitolo tosindikiza makalata ku Kaunda Square mu Lusaka angataye makina ao cifukwa ca pepala cabe.

Pa makalata ofunsira nchito ndi zolemba za ana a sukulu a ku Munali, pepala la A4 la magalamu 80 ndi lokwanira. Phukusi limodzi likhala ndi mapepala 500.

Coopsa ndi pepala lonyezimira la zithunzi, lopangidwira makina a inkjet. Makina a laser amata inki yao ya ufa ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 200, motero zopaka pa pepalalo zisungunuka ndi kukakamira mkati. Kukonzetsa kwake kudula kupambana phukusi lonse.

M'dzinja mapepala ayamwa cinyezi, napindika, nakodwa m'makina. Phukusi lisatsegulidwe msanga, ndipo lisagonekedwe pa simenti.