Pikapu yakale ndi ya munthu wokonzeka kuisamalira

M'misewu ya ku Malawi kuno simungayende mtunda wautali osakumana ndi pikapu yakale: Toyota Hilux ya m'zaka za m'ma 1990, Isuzu KB yosuluka utoto, Nissan Hardbody, kapena kaNissan 1400 kaja komwe kanaleka kupangidwa ku Rosslyn, ku South Africa, mu 2008. M'mawa yasiya ana kusukulu, masana yasenza simenti ndi malata, nyengo ya fodya ikafika yatenga mabelo, ndipo kumudzi kukagwa zovuta ndiyo imanyamula nkhuni, ufa ndi bokosi. Anthu ambiri amaiona ngati chizindikiro cha kuperewedwa, galimoto yongoyendera podikira kuti ndalama ya galimoto yeniyeni ipezeke. Maganizo amenewa ndikuwakana. Kwa munthu amene ntchito yake ili ndi katundu, ndipo kwawo amafikako pamsewu wafumbi, kudalira pikapu yakale tsiku ndi tsiku ndi nzeru, malinga ngati wamvetsa chinthu chimodzi: ndalama imene sanalipire pogula adzailipira pang'onopang'ono poisamalira, ndipo akaikana ngongole imeneyi galimotoyo idzamusiya panjira.

Mphamvu yaikulu ya galimoto zimenezi ili pakuti zimakonzeka kuno komwe. Titenge Hilux ya dizilo ya injini zimene amakaniko amazitchula kuti 2L, 3L ndi 5L. Pa injini zimenezi, makamaka zoyambirira, mafuta amakankhidwa ndi pampu yoyendera zitsulo ndi masipuling'i, yopanda kompyuta yoiuza chochita. Ikayamba kutsokomola, makaniko wa ku Biwi mu Lilongwe kapena wa ku Ndirande mu Blantyre amaimvetsera ndi khutu, n'kumasula paipi imodzi, n'kuona ngati mafuta akufika, ndipo kawirikawiri pomafika madzulo vuto lapezeka. Kuyambira cha m'ma 2005, ma Hilux ambiri anayamba kubwera ndi injini za D-4D, zomwe zimapopera dizilo mwamphamvu kwambiri motsogozedwa ndi kompyuta. Ndi injini zabwino, zamphamvu, zosadya mafuta ambiri, koma zikadwala zimafuna makina oziyezera, ndipo ma injector ake salola dizilo wa madzi kapena wa fumbi. Munthu wa ku Nthalire kapena ku Makanjira galimoto yotere ikamufera, nthawi zambiri chomwe chatsala ndi kufuna wina woikoka mpaka kutauni. Yakale ija amaikonzera pansi pa mtengo, ndi masipanala a m'thumba la saka.

Nkhani ya ndalama zakunja yawonjezera kulemera kwa mfundo imeneyi. Banki yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzatsitsanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Chilichonse chogulidwa ndi dola chinakwera, kuyambira galimoto zochokera ku Japan zimene zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe, mpaka kachipangizo kakang'ono ka magetsi koitanitsa ku Johannesburg kapena ku Dubai. Pikapu yakale nayo imafuna zakunja, monga oyilo ndi matayala, koma mbali yaikulu ya zofunika zake ili kale m'dziko muno. Hilux inayamba kupangidwa mu 1968, ndipo ena mwa ma Hilux amene ali kuno anachokera kufakitale ya ku Prospecton, ku Durban. Achuluka kotero kuti imodzi ikagonekedwa, giya bokosi yake, masipuling'i ake ndi zitseko zake zimakapatsa moyo zina zingapo. Sipuling'i yakumbuyo ikathyoka pamsewu wa mabampu, amachotsa tsamba lothyokalo n'kuikapo lina. Kagalimoto kotsika ka m'tauni kakagunditsa mimba pamwala m'nyengo ya mvula, nkhani yake imakhala ina.

Koma apa ndi pamene eni ake ambiri amalakwitsa. Amamva anthu akutama kupirira kwa galimoto zimenezi, n'kuganiza kuti kupirira kukutanthauza kuti siifuna chisamaliro. Injini yakale ya dizilo imadetsa oyilo msanga, ndipo nzeru ya amakaniko yosintha oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse si yofuna kukudyerani ndalama ayi. Pansi pa sefa ya dizilo pali kachikho kosonkhanitsa madzi. Kamafuna kukhetsedwa, makamaka masiku a kusowa kwa mafuta pamene anthu amagula dizilo wa m'zigubu wosadziwika kumene wadutsa. Timing belt ya injini za L ija imayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo ikaduka galimoto ikuyenda, mavavu amagundana ndi mapisitoni, n'kusandutsa ntchito ya tsiku limodzi kukhala yotsitsa injini yonse. Chinanso chimene chimapha injini zimenezi ndi kutentha: radiyeta yotsekeka ndi matope a madzi a pachitsime, paipi yofooka, singano ya kutentha imene inafa kalekale mwini wake n'kumangoti tidzakonza. Mutu wa injini ukang'aluka chifukwa cha kutentha, ndalama yake imaposa kutali ya radiyeta yatsopano. Mwini wanzeru amapatula ndalama mwezi ndi mwezi ngati mmene wogula galimoto yatsopano amabwezera ngongole kubanki, ndipo amasintha chinthu chisanathyoke.

Wina anena kuti zonsezi zikumveka, koma mafuta bwanji? Funsoli ndi loona. Pikapu ndi yolemera, ndipo injini yakale imamwa kuposa kagalimoto kakang'ono ka petulo ka masiku ano. Munthu amene ulendo wake ndi wochoka ku Area 25 kupita ku ofesi ku City Centre, pa phula lokhalokha, atanyamula chikwama chokha, akutaya ndalama akamayendera pikapu, ndipo sindingamulimbikitse. Koma kuwerengera mafuta okha n'kuwerengera theka. Mlimi, womanga nyumba, wa chigayo kapena wa golosale amene ali ndi kagalimoto kakang'ono amalipira hayala nthawi iliyonse pamene feteleza, mchenga kapena makatoni afunika kusamuka, ndipo amadikira tsiku limene mwini lole ali ndi mpata. Ndalama ya hayala ndi masiku otayika zikaikidwa pamodzi ndi mafuta, pikapu imayamba kuoneka mwina. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati kumbuyo kwake kumakhala kopanda kanthu masiku ambiri a mwezi, galimotoyo si yanu.

Chotsutsa chachiwiri ndicho cholemera kwenikweni, ndipo sichiyenera kuyankhidwa mopepuka. Pikapu zakale si zoteteza moyo pangozi. Zambiri zilibe ma airbag, zilibe mabuleki a ABS, ndipo chipinda cha dalaivala sichinapangidwe kuti chilandire nkhonya m'malo mwa munthu. Anthu amakhulupirira kuti chitsulo chochindikala ndi chitetezo, koma mu 2018 bungwe la Global NCAP, mogwirizana ndi Automobile Association ya ku South Africa, litagunditsa Nissan NP300 Hardbody poyesa, galimotoyo sinapeze nyenyezi ngakhale imodzi pa kuteteza akuluakulu okhala kutsogolo. Imeneyo inali yatsopano, koma yomangidwa pa kapangidwe kakale. Nanga ya zaka 30, ya chasisi chodyedwa ndi dzimbiri? Palinso khalidwe lake pamsewu. Pikapu yopanda katundu imapepuka kumbuyo, ndipo pa phula lonyowa imatha kutembenuka dalaivala akaponda buleki modzidzimutsa. Yodzaza mopitirira muyeso imatenthetsa mabuleki potsika Chiweta kapena phiri la Golomoti, ngati dalaivala akudalira phazi m'malo motsika ndi giya yaing'ono. Mfundo imeneyi sindingaigonjetse. Chimene ndinganene n'chakuti imaika malire. Galimoto yotere imafuna liwiro lochepa, matayala abwino osati otha kale ogulidwa motchipa, malamba ogwira ntchito, ndi mabuleki oyang'aniridwa kawirikawiri kuposa china chilichonse. Amene sangavomere malire amenewa asaigule.

Malire aakulu koposa ndi a anthu okwera kumbuyo. Tonse tikudziwa chifukwa chake matola alipo: kumadera ambiri minibasi siifika, ndipo mayi wodwala kapena wophunzira wobwerera kusukulu alibe njira ina. Komabe kumbuyo kwa pikapu kunapangidwira matumba. Kulibe mpando, kulibe lamba, kulibe denga, ndipo tayala likaphulika anthu amakhuthukira pamsewu onse pamodzi. Mwini galimoto amene amanyadira kuti injini yake siinatsegulidwepo, koma n'kumakweza ana asukulu pamwamba pa matumba a chimanga, wasamala chinthu cholakwika. Chimodzimodzinso ndi COF. Chikalata chimenechi cholinga chake n'kutsimikiza kuti mabuleki, magetsi, chiwongolero ndi matayala zili bwino, ndipo amene amachipeza mwachinyengo galimoto isanayezedwe akudzinamiza yekha pamodzi ndi banja limene amalinyamula. Utsi wakuda umene ena amautenga ngati chibadwa cha dizilo wakale nawo si chibadwa: nthawi zambiri ndi sefa ya mpweya yodzaza fumbi kapena ma injector otha, ndipo utsi umenewo ndi mafuta ogulidwa ndi ndalama amene akutuluka osapsa, n'kumalowa m'zifuwa za oyenda pansi ndi a kabaza.

Choncho amene mukuganiza zogula pikapu yakale, musatengeke ndi utoto wowala kapena nambala ya makilomita, pakuti zonse ziwiri zimasinthika mosavuta. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Mulowe kunsi ndi tochi, mugogode chasisi ndi nyundo pafupi ndi pamene masipuling'i amamangirira, mumve ngati chikulira ngati chitsulo kapena chikugwetsa dzimbiri. Muumirire kuiliza m'mawa injini ili yozizira, muone utsi wake, mutsegule chivundikiro cha radiyeta isanatenthe muone ngati m'madzimo muli oyilo. Mufananize nambala za injini ndi chasisi ndi zimene zili pa blue book. Ndipo musathere ndalama yonse pogula: musiyeko yosinthira timing belt, oyilo, masefa ndi mabuleki sabata yoyamba, galimotoyo isananyamule mwana wanu.