Mboni Zambiri, Nkhani Imodzi

Chigawo chathachi ndinalemba nkhani yoti ilowe m'magazini athu ano, ndipo ndinaipereka kwa Akonzi ndili wonyada ndithu. Inali nkhani ya anyamata awiri apachibale amene bwato lawo linatembenuzika panyanja usiku wa mwera. Pofuna kuti ikome, ndinati wamkulu akambeko mbali yake, wamng'ono akambekonso yake, ndipo onse awiri ndinawapatsa mawu akuti "ine". Patapita masiku atatu Akonzi anandibwezera mapepala anga atalemba pansi pake funso limodzi lokha: "Kodi tsono wamira ndani?" Poyamba ndinapsa mtima, koma nditawerenganso ndekha madzulo, ndinapeza kuti ngakhale ine mwini nkhani ndinasokera pa tsamba lachitatu.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza m'nyumba yathu ya mabuku kuti ndione m'mene alembi otchuka amachitira akafuna kuti nkhani imodzi ikambidwe ndi anthu angapo. Zimene ndapezazo ndifuna kugawana nanu, anzanga awerengi, makamaka inu amene mumalakalaka kudzalemba nthano yaitali.

Tiyambire pa bwalo la amfumu

Tiyerekeze kuti mbuzi zadya chimanga m'munda mwa munthu, ndipo mlandu wafika kwa amfumu. Mwini munda anena kuti mnyamata woweta anagona tulo. Mnyamatayo anena kuti sanagone, koma anathamangira kambuzi kamene kanagwa m'dzenje. Mayi wina amene ankachokera kumadzi anena kuti mpanda wa mundawo unagwa kalekale, ndipo mwiniwake sanaukonze. Mwina palibe wanama mwa atatuwa, koma palibenso amene ali ndi nkhani yonse. Amfumu sagamula asanamve onse, ndipo ife okhala pabwalo timasangalala kulumikiza tokha zimene mboni zanena.

Wolemba nthano yaitali ali ngati woitana mboni, ndipo owerenga ndiwo okhala pabwalo. Fanizoli si langa. Wilkie Collins, mlembi wa ku England, analemba poyambirira pa buku lake lotchedwa The Woman in White, la chaka cha 1860, kuti nkhani yake ikambidwa ndi anthu angapo monga m'mene mlandu umakambidwira m'khoti.

Tsono wolemba asanayambe, ali ndi zinthu zitatu zoti asankhe. Choyamba, akambe nkhani ndani? Chachiwiri, wokambayo aime pati: m'kati mwa nkhani nkumati "ine ndinaona", kapena kunja nkumati "iye anaona"? Chachitatu, akambe liti: zinthu zitatha kale, kapena zili m'kati mochitika? Mabuku ambiri amasankha kamodzi ndi kusunga zomwezo mpaka kumapeto, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Koma pali zifukwa zimene zimakakamiza wolemba kuitana mboni yachiwiri.

Pamene mboni yoyamba kunalibe

Ambiri a ife tinawerenga Treasure Island, buku la Robert Louis Stevenson la chaka cha 1883. Wokamba nkhani ndi mnyamata Jim Hawkins. Atafika pachilumba chija, Jim analowa mozemba m'boti la achifwamba napita kumtunda. Iye ali m'tchire, anzake otsala m'chombo cha Hispaniola anachita chinthu chachikulu: anathawa m'chombomo, natenga mfuti ndi zakudya kupita nazo ku linga lakale la mitengo. Jim sanazione zimenezi. Kodi Stevenson akanatani? Akanatha kumuchititsa Jim kunena kuti "ndinamva pambuyo pake kuti zinayenda motere", koma paja akulu anati kandimverere adakanena za m'maluwa. Nkhani yongomva ilibe moto. Chotero Stevenson anapereka cholembera kwa Dr Livesey kwa mitu itatu, mutu 16, 17 ndi 18, ndipo pa mutu 19 Jim ayambanso kukamba.

Taonani zinthu ziwiri pamenepa. Stevenson analemba pamwamba pa mituyo kuti tsopano akukamba ndi dokotala, kotero wowerenga sasokera. Ndiponso dokotalayo atangotha ntchito imene anaitanidwira, anakhala chete. Buku lonse lili ndi mitu 34, ndipo 31 ndi ya Jim.

Pamene mboni sidziona yokha

Chifukwa chachiwiri nchozama kuposa choyambachi, ndipo tichipeza m'buku lina la Collins lotchedwa The Moonstone, la chaka cha 1868. Mtsikana Rachel Verinder analandira mwala waukulu wa dayamondi wochokera ku India tsiku limene anakwanitsa zaka 18, ndipo usiku womwewo mwalawo unasowa. Zonse zitatha, wachibale wake Franklin Blake anapempha anthu amene anakhudzidwa kuti aliyense alembe zokhazo zimene anazidziwa yekha.

Woyamba kulemba ndi Gabriel Betteredge, nkhalamba yoyang'anira antchito a m'nyumbamo. Iye amachedwa kufika pa mfundo, amakonda mbuye wake, ndipo akavutika maganizo amatsegula buku la Robinson Crusoe kufunamo malangizo. Wotsatira ndi Miss Clack, wachibale wosauka amene amasiya timapepala ta mawu a chipembedzo m'zipinda za anthu osamupempha. Iye amadziona ngati woyera mtima koposa onse, koma ife powerenga mawu ake omwe timaona nsanje yake ndi kukonda kwake kumvetsera za eni. Palibe amene watiuza kuti mayiyu ndi wotere. Wadziulula yekha osadziwa. Ichi ndi chinthu chimene wokamba nkhani woima kunja sangachite bwino chomwecho, pakuti iye akanangotiuza, ndipo ife tikanataya chisangalalo chozindikira tokha.

M'buku lomweli muli phunziro lina limene linandidabwitsa. Rachel mwiniwake sapatsidwa mbali yoti alembe. Chifukwa chake nchakuti iye anaona ndi maso ake munthu amene anatenga mwalawo, nakana kuthandiza wapolisi wofufuza, Sergeant Cuff. Akanati akambe ndi iyeyo, nkhani ikanathera pa mutu woyamba. Tsono kusankha okamba nkhani ndi kusankhanso amene atseke pakamwa. Dzina la wotenga mwalayo sindikuuzani. Bukulo lilipo, kaliwerengeni.

Pamene mboni sifika kumapeto

Chinua Achebe wa ku Nigeria anatulutsa Anthills of the Savannah m'chaka cha 1987. Ndi nkhani ya dziko longopeka lotchedwa Kangan, lolamulidwa ndi msilikali Sam, amene anaphunzira sukulu imodzi ndi Chris ndi Ikem. Chris ndi nduna yoona zofalitsa nkhani, Ikem ndi mkonzi wa nyuzipepala ya boma. Aliyense wa awiriwa akambako yekha ndi mawu akuti "ine", ndipo Beatrice, bwenzi la Chris, akambakonso. M'malo ena wokamba aima kunja kwa onse. Buku lisanathe Ikem ndi Chris aphedwa, ndipo wotsala ndi Beatrice. Wakufa sangamalize kusimba mbiri yake. Komanso m'buku lonena za kuipa kwa munthu mmodzi wofuna kuti mawu ake okha amveke, nkoyenera ndithu kuti nkhaniyo ituluke m'kamwa mwa anthu ambiri.

Ena anapitirira pamenepa. William Faulkner wa ku America, m'buku la As I Lay Dying la chaka cha 1930, ali ndi okamba nkhani 15 m'mitu 59. Banja la a Bundren lanyamula bokosi la maliro a mayi wawo kupita nalo ku tauni ya Jefferson, ndipo mayi womwalirayo alinso ndi mutu wake umodzi. Mutu uliwonse uli ndi dzina la wokamba pamwamba pake. Koma ife oyamba kumene tisathamangire zoterezi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Za nthawi

Tsopano tione chinthu chachitatu chija. Chilankhulo chathu nchachuma pa nkhani ya nthawi za aneni. Mvetserani ziganizo izi: "Mbuzi zinalowa m'munda." "Mbuzi zinkalowa m'munda." "Mbuzi zalowa m'munda." "Mbuzi zikulowa m'munda." Choyamba chitiuza za chinthu chimene chinatha. Chachiwiri chitiuza kuti zinali chizolowezi, ndipo mwini munda mwina analekerera. Chachitatu chitidzidzimutsa. Chachinayi chitiimika m'mphepete mwa munda, tikufuna kutola mwala kuti tizigende. Wokamba za kale amadziwa m'mene zinathera, ndipo angathe kutichenjeza kapena kudandaula. Wokamba za tsopano sadziwa chimene chili kutsogolo, ndipo mantha ake amakhala athu.

Agogo athu amadziwa kusintha nthawi popanda kuphunzitsidwa. Amayamba kuti, "Tsiku lina ndinapita kukatema nsungwi kuphiri," koma akafika poopsa mumva akuti, "Ndikuti nditembenuke chonchi, ndikuona njoka iyi, mutu uli m'mwamba!" Zoopsazo zikatha abwereranso ku nthawi yakale. Sasintha chisawawa ayi, asintha pamene mtima wa womvera uyenera kugunda.

Charles Dickens anamanga buku lonse pa kusiyana kumeneku. Bleak House linkatuluka pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kuyambira mu 1852 mpaka mu 1853, ndipo lili ndi mitu 67 ndi okamba nkhani awiri. Wina alibe dzina, amaima kunja, ndipo amakamba zonse ngati zikuchitika tsopano lino. Iyeyu ndiye atisonyeza mzinda wa London utakutidwa ndi nkhungu, ndi khoti limene likuzengereza mlandu wa chuma chamasiye wa banja la Jarndyce kwa zaka zambirimbiri, mpaka chuma chonsecho chithera kulipira mlandu womwewo. Nthawi yatsopano iyenerana ndi khoti lotere, pakuti m'menemo kanthu sikatha. Lero ndi chimodzimodzi dzulo. Winayo ndi mtsikana Esther Summerson, amene akamba pafupifupi theka la bukulo ndi mawu akuti "ine", pokumbukira zimene zinamuchitikira zaka zapitazo. Wowerenga akangoona mneni woyamba wa mutu, wadziwa kale amene akulankhula. Apa nthawi yagwira ntchito ya chikwangwani cha panjira.

Malangizo kwa ofuna kuyesa

Kuchokera m'mabuku amenewa ndatolamo malamulo anayi, amene ndawalemba m'kati mwa chikuto cha kope langa.

Loyamba: musaitane mboni yachiwiri pokhapokha ngati ili ndi kanthu kamene yoyamba singathe kudziwa kapena singafune kunena. Mboni yongobwereza za inzake imatopetsa bwalo.

Lachiwiri: sinthani wokamba poyamba mutu watsopano, osati pakati pa ndime, ndipo dziwitsani wowerenga m'mizere yoyamba. Chimodzimodzinso ndi nthawi: mukayamba ndi "anapita", musagwere mu "akupita" mosazindikira.

Lachitatu: aliyense alankhule mwa iye yekha. Nkhalamba ya kumudzi ndi mwana wa sukulu wa m'tauni sasankha mawu amodzi, saona zinthu zimodzi, ndipo saseka zofanana. Msodzi akalowa m'nyumba ayamba kuona ukonde uli pakhoma. Mayi ayamba kuona ngati mumtsuko muli madzi. Njira yoyesera ndi iyi: phimbani dzina la pamwamba ndi chala, muwerengere mnzanu mokweza, ndipo mumfunse kuti akulankhula ndani. Akalephera, bwererani kukalembanso.

Lachinayi: jambulani mizere pa pepala lapadera, mulembe chimene munthu aliyense akudziwa ndi tsiku limene anachidziwa. Palibe chimene chimawononga nkhani msanga ngati munthu wonena chinsinsi chimene sanauzidwe.

Nditayesa nkhani yanga ya bwato ija pa malamulo amenewa, inagwa pa atatu oyambirira. Anyamata awiriwo anali m'bwato limodzi, anaona mafunde amodzimodzi, ndipo onse ankalankhula ngati ine ndemwe. Wachiwiriyo analibe chake chonena. Tsono ndailembanso. Mng'ono ndiye akamba zonse za panyanja, monga munthu wokumbukira patapita zaka. Koma pakati ndaikapo mutu umodzi waufupi wa mayi awo, amene aima pagombe m'bandakucha, ndipo mutuwo ndaulemba m'nthawi yatsopano: akuwerenga mabwato amene akubwera, limodzi, awiri, atatu, ndipo sakudziwa chimene ife owerenga tachidziwa kale. Nditawerengera anzanga a m'chipinda chogona, palibe amene anafunsa kuti akulankhula ndani, ndipo mmodzi anandipempha kuti ndibwereze mutu wa mayiwo.

Mapepalawo ndawabwezera kwa Akonzi. Akawalandira, mudzawerenga nokha m'magazini otsatira, ndipo funso lawo lija lidzayankhidwa pa tsamba loyenera.

Wophunzira wa Folomu 4