Mapu omwe anapeza ovataimu ya alonda

Mnzanga amene analemba pulogalamu yowerengera malipiro kuntchito kwathu anapita ku Johannesburg osasiya ngakhale kapepala kofotokoza momwe imayendera. Patatha miyezi iwiri, alonda anayamba kudandaula kuti ndalama ya ovataimu ikumaperewera. Bwana anandiitana: "Achimwene, pofika pa 25 tikhale titadziwa pomwe pakudontha."

Nditatsegula mafayilo ndinagwira m'mutu. Kuwerenga mzere uliwonse kukanandifikitsa pa Khirisimasi.

Pakhoma la ofesi panali chithunzi cha mabokosi ndi mivi chomwe mnzangayo anajambula poyamba ntchitoyo, potsata kajambulidwe kotchedwa UML. Anayambitsa kajambulidweka ndi Grady Booch, James Rumbaugh ndi Ivar Jacobson pa kampani ya Rational ku America, ndipo bungwe la OMG linakavomereza mu 1997. Bokosi limaimira gawo la pulogalamu, muvi umaloza gawo lomwe linzake likulidalira. Chithunzicho chinali chooneka bwino ndithu, koma chinali ngati pulani ya nyumba yomwe eni ake anawonjezera kale khitchini ndi zipinda za lendi kuseri osauza aliyense. Ndinataya tsiku lathunthu ndikuchikhulupirira.

Mawa lake ndinayambira kumchira. Akatswiri amati reverse engineering, koma ndi zomwe amachita okonza mawailesi mumsika: kumasula chinthu n'kutsata waya uliwonse komwe wapita. Ndinagwiritsa ntchito mapulogalamu awiri aulere. Doxygen imawerenga zomwe munthu analemba n'kupeza kuti gawo ili limaitana liti. Graphviz, yomwe inapangidwa ndi akatswiri a AT&T, imatenga zimenezo n'kuyala yokha mabokosi ndi mivi. Ndinali ndi mwayi kuti zolemba za mnzanga zinalipo. Zikasowa, ena amatenga Ghidra, yomwe bungwe la NSA la ku America linaitulutsa kwaulere mu 2019, chifukwa imatha kujambula mayendedwe a pulogalamu yomwe yasandutsidwa kale chinenero cha makina.

Musaganize kuti zinangoyera pomwepo. Chithunzi choyamba chinatuluka ngati ukonde wa asodzi wokolana. Apa mpomwe zida zimenezi zimandikwiyitsa: zimajambula chilichonse, chofunika ndi chachabe, osasankha. Kusankha ndi kwako. Ndinachotsa zonse zokhudza kusindikiza mapepala ndi mayina a antchito, n'kusiya mivi yolowera powerengera ovataimu basi.

Panatsala mabokosi awiri pomwe pakhoma panali limodzi. Mlingo wa ovataimu utakwezedwa, mnzanga analemba gawo latsopano koma lakale sanalifufute. Mivi ya antchito onse inkapita ku latsopano, kupatula umodzi: wa ogwira ntchito usiku. Umenewo unkalozabe ku mlingo wakale. Sindikuti anachitira dala. Munthu wothamangira kutseka mwezi amaiwala.

Kufufuza kunanditengera masiku atatu, kukonza sikunakwane ola. Nditasindikiza chithunzicho n'kuika chala pa muvi uja, ngakhale amayi a ku akaunti, omwe sadziwa chilichonse cha mapulogalamu, anangoti, "Oo, ndi apa eti?"

Alonda analandira ndalama zawo zotsalira kumapeto kwa mweziwo. Chithunzi cha pakhoma ndinachimatula. Chatsopano ndimachilemba ndi PlantUML, yomwe imasandutsa mawu kukhala chithunzi, ndipo chimakhala mu foda imodzi ndi pulogalamuyo kuti ndikasintha china ndisinthenso chinzake. Mwezi watha ndinaiwala.