Magetsi akathima pa Nkhamenya, choboolera cha madala chimapitiriza ntchito

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama zimayamba kuoneka pa Nkhamenya. Mlimi amene wagulitsa mabelo ake amafuna bedi, chitseko chatsopano, mwinanso kukonzetsa ngolo. Imeneyi ndiyo nyengo yoti kalipentala adyerere. Koma magetsi akangothima, mnyamata wodalira makina okha amangokhala pa benchi n'kumaseweretsa foni, kasitomala n'kupita kwina.

Kwinako nthawi zambiri kumakhala kwa mdala wa choboolera chopukusa ndi manja. Achinyamatafe timachiderera kuti ndi chachikale. Komatu mu Januwale 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo kuthimathima kudatha chaka chathunthu. Choboolera cha mdala sichidaime tsiku ndi limodzi lomwe.

Kagwiritsidwe kake si kovuta. Mumatsamira mutu wake ndi chikhatho kapena chifuwa, dzanja linalo likupukusa chogwirira. Kansonga kake kamadzikoka kokha kulowa m'thabwa, ndiye musachite kulimbana nacho. Kakangotulukira kuseri, tembenuzani thabwalo mumalizire mbali inayo; mukapitiriza mbali imodzi, thabwa limang'ambika potulukira.

Sikuludiraiva nayo ili ndi mwambo wake. Pa mtengo wolimba ngati mlombwa, yambani mwaboola kabowo kakang'ono, pakani sopo kapena kandulo pa sikuluyo, kenako mangani. Dzanja limamva lokha kuti apa yakwana, pamene makina amatha kupitirira n'kudya mutu wa sikulu. Mukaona ya mtundu wa Yankee pamsika wa zida zakale, ija imazungulira yokha mukaikankha, musaisiye. Idayambira ku Philadelphia ku America, ndipo kampani ya Stanley idagula fakitale yake mu 1946.

Zoona, pa khoma la simenti kapena oda ya madesiki ambirimbiri, makina amagetsi ndiwo akatundu. Koma kwa amene akungoyamba kumene, kaya wachokera ku maphunziro a TEVETA kaya waphunzira pongoonera amalume, mpamba ndi wovuta. Batire ikafa imafuna ndalama zambiri, pomwe chida chamanja chimangofuna kadontho ka oyilo kuti chisachite dzimbiri, basi.

Ndiye musanagulitse bokosi la zida la agogo kwa ogula zitsulo zakutha, litseguleni kaye muone zili m'katimo.