ANACHOKA KU MPINGO WA SABATA, KOMA LOŴERUKA SILINAŴACHOKE

Kuno ku Kapondo, monganso m'madera ena a boma la Mchinji, tili ndi abale ndi alongo amene analeredwa mu mpingo wa Seventh-day Adventist koma tsopano amapemphera kwina. Ena anatsata banja, ena analema ndi malamulo. Ambiri analoŵa m'mipingo imene eni ake amati ndi yoyenda ndi nthaŵi, kumene za chakudya sizifunsidwa, ndolo siziletsedwa, ndipo ng'oma imalira pa mapemphero. Ife timayesa kuti munthu wotere watula katundu. Koma tikakhala nawo pansi, timapeza kuti mtima wawo uli paŵiri.

Tikumbuke kuti mpingo umene anausiyawo si wadzulo. M'chaka cha 1902 unagula malo a Plainfield ku Thyolo, amene anayambitsa Joseph Booth, ndipo mu 1907 malowo anatchedwa Malamulo. Kwa ife a m'malire muno dzina lodziŵika kwambiri ndi Mwami, chipatala chawo cha kufupi ndi Chipata, chimene chathandiza odwala a mbali zonse ziŵiri kuyambira m'zaka za m'ma 1920. Motero wochokayo amasiya chimene agogo ake anachigwiritsa.

Vuto limayambira pa liwu lenilenilo lakuti Sabata. Pakamwa pathu Sabata ndi Lamulungu. Kwa iwo limayamba dzuŵa likaloŵa Lachisanu, nkutha dzuŵa likaloŵa Loŵeruka. Mayi amene wakhala nafe zaka khumi amapezekabe akufulumira kuchapa ndi kuphika Lachisanu madzulo, popanda womuuza. Bambo akagwira khasu m'munda wa mtedza Loŵeruka m'maŵa amacheukacheuka ngati akuba m'munda wa eni. Ndipo pansi pa zonsezi pali mantha amene saŵatchula kaŵirikaŵiri: ali ana anaphunzira kuti m'masiku otsiriza kupembedza Lamulungu mokakamizidwa kudzakhala chizindikiro cha chilombo. Ife aphunzitsi tidziŵa kuti chimene mwana wachimva ali ndi zaka zisanu ndi ziŵiri sichifufutika ngati choko pa bolodi. Akuluakulu anati madzi saiŵala khwaŵa.

Za chakudya nzodziŵika: nkhumba, mlamba ndi mbeŵa amazipeŵa potsata Levitiko 11. Ambiri, ngakhale anasiya kukhulupirira kuti nkulakwa, kummero kumakanabe. Kuŵaikira nkhumba m'mbale pa ukwati kuti tione ngati anatembenukadi, monga achitira ena, ndi nkhanza chabe.

Povuta koposa ndi pa maliro. Iwo anaphunzira kuti akufa ali m'tulo kufikira Ambuye adzabwere, pamene mlaliki wathu amanena kuti womwalirayo ali kale ndi Ambuye. Wamasiye amatonthozeka ndi mawu ameneŵa, koma usiku amadzifunsa ngati sakungosankha chokoma m'makutu.

Zoyamikira ali nazo, ndipo sazibisa. Amati anapuma ku nkhaŵa ya chiweruzo chofufuza mabuku, chimene mpingo wawo wakale umaphunzitsa kuti chinayamba kumwamba mu 1844, ndiponso ntchito kapena mayeso a Loŵeruka siziŵasautsanso monga kale. Koma amasoŵa Sukulu ya Sabata, kumene aliyense amatsegula Baibulo nayankhapo. Amasoŵa kusambitsana mapazi usanadyedwe Mgonero, misonkhano ya misasa, ndi nyimbo za m'buku la Khristu mu Nyimbo zoimbidwa mogaŵana mawu bwino. Ena amanena mosabisa kuti kumene analoŵako ufulu ulipo, koma Baibulo limatsegulidwa ndi munthu mmodzi yekha, wa kutsogolo. Dandaulo limeneli akulu a mpingo tisalipeputse.

Mtima wa paŵiriwu suli kuno kokha. Kumaiko a kutali uli ndi maonekedwe ena, popeza kumeneko mkati mwa mpingo wa Adventist momwemo muli matchalitchi ofeŵetsa miyambo. Mu 1980 mphunzitsi wa ku Australia, Desmond Ford, anachotsedwa ubusa pambuyo pa msonkhano wa ku Glacier View, ku Colorado, chifukwa chotsutsa chiphunzitso chija cha 1844, ndipo abusa ambiri anachoka pambuyo pake. Mu 1995, msonkhano waukulu wa ku Utrecht utakana kuti zigawo zizidzoza amayi kukhala abusa, tchalitchi cha Sligo, kufupi ndi Washington, chinadzoza amayi atatu chaka chomwecho. Nkhaniyi inabweranso ku San Antonio mu 2015, ndipo okana anali 1,381 pamene ovomera anali 977. Amene anachoka kale akapita kukacheza m'matchalitchi ofeŵa oterewo amamva nyimbo za ubwana wawo nagwetsa misozi. Komabe amadziŵa kuti dzina la pakhomo ndi lomwe lija, ndipo malamulo a likulu sanasinthe. Ena amabwerera, ena amati ndi njereza yatsopano pa khoma lakale.

Athu a kuno mwayi wotere wa malo apakati ngwosoŵa. Akachoka, achokeratu, ndipo kwawo amayesedwa obwerera m'mbuyo pamene kwathu amatchedwabe "a Sabata aja". Zimaonekera poyera pa tsiku la ubatizo wa ana. Bambo amene anabatizidwa pomizidwa thupi lonse ali wamkulu amaimirira kutsogolo, nayang'ana abusa akudontheza madzi pamutu pa khanda lake la miyezi itatu. Amayankha mafunso onse ndi mawu omveka. Koma agogo a mwanayo, amene amakhala mudzi woyandikana nawo, pa tsikulo amatumiza nkhuku, iwo eni osabwera.