Kodi mumadziwa?

Galimoto yoyendera petulo ndi magetsi, monga Mitsubishi Outlander PHEV ya mu 2013, siifuna kuti mumange tchaja yapadera pakhoma. Batire lake limadya mayunitsi pafupifupi 12 basi, ndipo pa soketi wamba ya mavoti 230 limadzaza m'maola asanu. Tchaja yapakhoma imangochotsapo ola limodzi ndi theka.

Kwa munthu wokhala m'minda ya tiyi ku Thyolo, kaya ku Satemwa kapena ku Makwasa, kutchaja usiku n'kokwanira, ngakhale kuti zitunda zakuno zimamaliza batire msanga. Magetsi a ESCOM akazima, injini ya petulo imakufikitsanibe ku Limbe.

Chofunika kwambiri ndi mawaya a m'nyumba, makamaka m'nyumba zakale za m'maesiteti. Itanani wamagetsi wovomerezeka ndi MERA awaone kaye musanayambe kutchaja.